Fupa Limene Linachitira Umboni Livingstone

David Livingstone anabadwa pa 19 Marichi 1813 m'mudzi wa Blantyre m'dziko la Scotland. Makolo ake anali osauka, motero ali ndi zaka 10 zokha anayamba kugwira ntchito pa fakitale yopota thonje. Usana ankagwira ntchito, madzulo ankapita ku sukulu. Atakula anaphunzira zaudokotala ku Glasgow, ndipo m'chaka cha 1841 anafika ku South Africa monga mmishonale.

Livingstone anakakhala pa Mabotsa, pakati pa anthu a mtundu wa Bakgatla. Kumeneko mikango inkatha ng'ombe za anthu. Tsiku lina m'chaka cha 1844 iye anatsagana ndi amuna a m'mudzimo kukasaka zilombozo. Ataona mkango uli pathanthwe anauwombera, koma sunafe. Akali mkati moika zipolopolo zina mu mfuti, mkangowo unamulumphira, numugwira paphewa la kumanzere ndi kumugwedeza monga momwe galu achitira ndi khoswe. Mphunzitsi wina wachikuda, dzina lake Mebalwe, anayesa kuuwombera, koma mfuti yake inakana kulira. Mkangowo unamusiya Livingstone nukaluma Mebalwe pantchafu. Unalumanso munthu wina amene anadza ndi mkondo, kenaka unagwa nkufa chifukwa cha zipolopolo zoyamba zija.

Livingstone anapulumuka, koma mkono wake unali ndi mabala 11 a mano a mkango. Fupa lalitali la pakati pa phewa ndi chigongono linali litaphwanyika.

Munthu wamkulu ali ndi mafupa 206. Mafupa ndiwo mizati ya thupi. Chigaza chimateteza ubongo, nthiti zimateteza mtima ndi mapapo, ndipo m'kati mwa mafupa ena ndimo mupangidwa magazi. Fupa ndi chinthu chamoyo chokhala ndi mitsempha yake ya magazi. Nchifukwa chake limakula, ndiponso likathyoka limatha kudzilumikiza lokha. Poyamba magazi amaundana pamalo pothyokapo. Pakapita masiku pamamera kamnofu kofewa kamene kamagwirizanitsa nsonga ziwiri za fupalo. Kamnofuko kamanka kalimba pang'onopang'ono kufikira kasanduka fupa lenileni. Ntchito imeneyi imatenga milungu isanu ndi umodzi kapena kuposerapo, koma mwa ana imafulumirako.

Kuti zonsezi zitheke, nsonga za fupa ziyenera kuwongoledwa bwino ndi kukhala osagwedezeka. Ndicho chifukwa chake kuchipatala amamanga chikhakha. Pa Mabotsa panalibe chipatala, ndipo makina ounikira mafupa anali asanatulukiridwe, pakuti anadziwika m'chaka cha 1895. Dokotala analipo mmodzi yekha, ndiye wovulalayo. Livingstone analangiza mmishonale mnzake mmene angawongolere fupalo, koma linali litaphwanyika kwambiri ndipo mabala anachita mafinya. Mabalawo anapola, koma fupa silinalumikizane bwino. Nsonga zake zinatsala zikugwedera ngati pamfundo, ndipo kuyambira pamenepo sanathenso kukweza mkonowo kupitirira paphewa.

Ngakhale zinali choncho, Livingstone sanabwerere kwawo. M'chaka cha 1845 anakwatira Mary, mwana wa mmishonale Robert Moffat. Ndi mkono wopunduka womwewo anadutsa Africa kuchokera ku Luanda kufika ku Quelimane, ndipo ali paulendowo anaona mathithi a Victoria m'chaka cha 1855. M'chaka cha 1859 anakwera mtsinje wa Shire, naona nyanja ya Chilwa ndi nyanja ya Malawi. Anamva chisoni poona anthu akugulitsidwa ukapolo, ndipo m'chaka cha 1861 iye ndi anzake anamasula gulu la akapolo kumapiri a Shire. Mmodzi mwa ana omasulidwa chaka chimenecho anali Chuma, mnyamata wachiyao.

Livingstone anamwalira pa 1 Meyi 1873 m'mudzi wa Mfumu Chitambo, m'dziko limene lero likutchedwa Zambia. Chuma, Susi ndi anzawo anakwirira mtima wake patsinde pa mtengo, naumitsa thupi lake ndi mchere padzuwa. Anasenza mtembowo kwa miyezi isanu ndi inayi, ulendo wa makilomita oposa 1,500, mpaka anafika ku Bagamoyo m'mphepete mwa nyanja ya mchere.

Mtembowo utafika ku London m'chaka cha 1874, nkhope sinkazindikirikanso. Panafunika umboni wakuti analidi Livingstone, ndiponso wakuti amuna aja sanasenze munthu wina. Dokotala wotchuka, Sir William Fergusson, anapima mkono wa kumanzere napeza fupa lija lisanalumikizane, monga linatsalira zaka 30 m'mbuyomo. Pamenepo kukayika konse kunatha, ndipo kukhulupirika kwa Chuma ndi Susi kunaonekera poyera. Livingstone anaikidwa m'manda ku Westminster Abbey pa 18 Epulo 1874. Patapita zaka ziwiri amishonale a ku Scotland anakhazikitsa mishoni ya Blantyre, naitcha dzina la mudzi umene iye anabadwira.

Mafunso
1. Kodi Livingstone ankagwira ntchito yanji ali mwana?
2. Kodi Mebalwe anathandiza bwanji kupulumutsa Livingstone?
3. Tchulani ntchito zitatu za mafupa m'thupi la munthu.
4. Fotokozani mmene fupa lothyoka limalumikizirana.
5. Nchifukwa chiyani fupa la Livingstone silinalumikizane bwino?
6. Kodi anthu a ku London anatsimikiza bwanji kuti mtembowo unali wa Livingstone?