Alfredo Keil, mwana wa telala amene anapeka nyimbo yoguba

Achikulire amene analowako sukulu nthawi ya atsamunda amaikumbukira nyimbo ina imene ankaimba ataima chilili, mbendera ya Apwitikizi ikukwera. Dzina lake ndi A Portuguesa. Ambiri ankangoiimba osamva mawu ake. Komatu nyimboyo inabadwa chifukwa cha mkangano wolimbirana maiko a kuno kwathu, ndipo mkangano womwewo ndiwo unatisiyira malire amene timadutsa pa Cassacatiza popita ku Katete. Amene anaipeka ndi Alfredo Keil.

Keil anabadwira mumzinda wa Lisboa pa 3 Julaye 1850. Bambo ake, a Johann Christian Keil, anali Mjeremani amene anakhazikika ku Portugal. Anali telala wodziwika, wosokera anthu a kunyumba yachifumu, choncho pakhomo panali ndalama. Mnyamatayo sanatenge sizasi ya bambo ake. Anakonda zinthu ziwiri, kujambula ndi kuimba. Ali wachinyamata anapita ku Germany kukaphunzira kujambula, ndipo anabwerera kwawo mu 1870, chaka chimene nkhondo ya France ndi Prussia inabuka. Anajambula zithunzi zambiri za mapiri, mitengo ndi nyanja. Anapekanso masewero oimba otchedwa ópera, momwe nkhani yonse imanenedwa poimba. Limodzi mwa iwo, Dona Branca, linaonetsedwa mu 1888 m'nyumba yaikulu ya zisudzo ya São Carlos ku Lisboa. Akanathera pamenepo, mwina dzina lake silikanafika kuno.

Kuti timvetse chimene anachita mu 1890, tiyambe tadziwa nyimbo yoguba, imene pa Chipwitikizi amati marcha. Ntchito yake yoyamba ndi kuyendetsa asilikali mazana kuti mapazi awo azitera pansi nthawi imodzi. Taganizani amayi awiri akusinja mumtondo umodzi. Wina akaphonya, misi imagundana. Kuguba nako n'chimodzimodzi. Ng'oma yaikulu imagunda phazi lamanzere likamatera, ndipo oimba amawerenga kuti modzi, wiri, kapena modzi, wiri, tatu, nayi, n'kuyambanso. Pa kuguba kwachangu asilikali ambiri amaponya masitepe pafupifupi 120 pa mphindi imodzi.

Nyimbo yotere imamangidwa m'zigawo zazifupi zofanana msinkhu. Malipenga amayamba ndi kachiyambi kodzutsa anthu. Kenako pamabwera chigawo choyamba, chimene amachibwereza, ndi chachiwiri, chimenenso amachibwereza. Nyimbo zambiri za nthawiyo zinali ndi chigawo china chofatsa, chokoma kukhutu, chotchedwa trio. Chikatha, bandi yonse imabweranso ndi mphamvu. Kubwerezako kuli ndi chifukwa: msilikali wotopa, ngakhale wosadziwa kuwerenga, amaigwira nyimbo ulendo umodzi wokha.

Keil anakula pa nthawi imene mabandi anali atasintha kwambiri. Kale lipenga linkatulutsa mawu owerengeka okha. Cha m'ma 1815 amisiri a ku Germany anapeza njira yoika timabatani pa lipenga, ndipo linayamba kutha kuimba nyimbo iliyonse. Mu 1835 ku Berlin kunapangidwa tuba, chilipenga chachikulu cha mawu a besi. Mu 1846 Adolphe Sax analembetsa chida chake cha saxofone ku Paris. Bandi inatuluka m'misasa ya asilikali n'kufika m'mabwalo a m'mizinda, pa maliro, pa zikondwerero ndi pa misonkhano. Kunalibe wailesi. Munthu wosauka amene sakanatha kulipira pakhomo la São Carlos ankamvera nyimbo kwa bandi, kwaulere, ataima mumsewu. Anthu anali atadziwanso kale kuti nyimbo yoguba imatha kudzutsa mtundu wonse, chifukwa La Marseillaise ya ku France, ya mu 1792, inachita zimenezo.

Tsopano tibwere kuno kwathu. M'zaka za m'ma 1880 boma la Portugal linajambula mapu n'kupaka utoto wapinki dera lonse la pakati pa Angola ndi Moçambique. Mapuwo amatchedwa Mapa Cor-de-Rosa. Anaphimba mbali yaikulu ya maiko amene lero ndi Zambia, Zimbabwe ndi Malawi. Angerezi sanavomere. Anali ndi amishoni ku Blantyre kuyambira 1876, anali ndi amalonda pa mtsinje wa Shire, ndipo Cecil Rhodes ankafuna dziko la Amashona. Mu Novembala 1889 gulu lankhondo la Serpa Pinto linamenyana ndi Amakololo kufupi ndi Shire, ndipo Amakololo ambiri anaphedwa. Pa 11 Januwale 1890 boma la Lord Salisbury ku London linatumiza lamulo lomaliza: Portugal ichotse asilikali ake ku Shire ndi ku dziko la Amashona msanga. Portugal inalibe mphamvu zolimbana ndi zombo za Angerezi. Boma la mfumu Carlos, amene anali atangolowa ufumu miyezi yochepa m'mbuyomo, linagonja.

Ku Lisboa anthu anapsa mtima. Anadzaza misewu, anaphimba chipilala cha wolemba ndakatulo Camões ndi nsalu yakuda ngati pamaliro, ndipo anayamba kusonkha ndalama zogulira zombo zankhondo. Keil sanali msilikali, sanalinso wandale. Anakhala pa piyano n'kupeka nyimbo yoguba. Mawu ake analemba mnzake Henrique Lopes de Mendonça, mkulu wa asilikali apanyanja amene ankalembanso masewero. Nyimboyo imawerengedwa zinayizinayi. Ili ndi kachiyambi, ndime, ndi kolasi imene imakwera pamwamba n'kuitana anthu kunkhondo. Ilibe chigawo chofatsa chija chifukwa inapangidwa kuti khamu la anthu liziimba, osati kuti bandi izionetsa luso. Inasindikizidwa n'kufalikira msanga m'nyumba za zisudzo ndi m'misewu.

Apa pali chinthu choyenera kuchiona bwino. Anthu a ku Lisboa ankalira kuti alandidwa dziko. Koma dzikolo linali ndi eni ake: Amang'anja ndi Amakololo a ku Shire, Amashona, Achewa a Undi. Palibe amene anawafunsa, kaya ku London kaya ku Lisboa. Nyimbo ya Keil ndi yokoma ndiponso yomangidwa mwaluso, zimenezo sitingakane, koma inkadandaula za munda wa eni.

Nyimbo ikatuluka m'manja mwa mwini wake imapita kumene ikufuna. Amene ankafuna kuchotsa ufumu anaitenga kukhala yawo, poti mfumu ndiyo inagonja kwa Angerezi. Pa 31 Januwale 1891 asilikali anaukira mumzinda wa Porto, ndipo anaguba m'misewu A Portuguesa ikulira. Anagonjetsedwa tsiku lomwelo. Boma linaletsa nyimboyo. Mwana wa telala wa mafumu anapezeka kuti wapeka nyimbo ya adani a mfumu.

Chaka chomwecho, pa 11 Juni 1891, Portugal ndi Britain anasainirana pangano la malire. Apwitikizi anasiya maloto a mapu apinki, koma anatsala ndi dziko la kumpoto kwa Zambezi m'chigawo cha Tete mpaka ku Zumbo, pa mtsinje wa Luangwa. Mzere umene anagwirizana unadula pakati pa Achewa. Ena anagwera kwa Apwitikizi, ena ku Nyasaland, ena ku dziko limene linadzatchedwa Northern Rhodesia. N'chifukwa chake lero munthu wa ku Chifunde wopita ku mwambo wa Kulamba ku Mkaika, kwa Kalonga Gawa Undi, amadutsa pachipata cha malire kuti akaone abale ake.

Keil anapitiriza kujambula ndi kupeka. Ópera yake ya Irene inaonetsedwa ku Torino, ku Italy, mu 1893. Mu 1899 anatulutsa Serrana, nkhani ya anthu a m'mudzi wa kumapiri a ku Portugal, ndipo mawu ake analembanso Lopes de Mendonça. Akatswiri ambiri amati imeneyi ndiyo ntchito yake yopambana. Anamwalira ku Hamburg, ku Germany, pa 4 Okutobala 1907, ali ndi zaka 57.

Sanaone zimene zinadzachitikira nyimbo yake. Pa 5 Okutobala 1910 ufumu unagwa ku Portugal, ndipo pa 19 Juni 1911 nyumba ya malamulo inavomereza A Portuguesa kukhala nyimbo ya fuko. Kuchokera pamenepo inayamba kuimbidwa kulikonse kumene mbendera ya Portugal inkakwera, kuphatikizapo ku Tete, m'masukulu, m'misasa ya asilikali ndi pa maofesi a boma. Inafika ku dziko limene inabadwira chifukwa chake, koma inafika ngati nyimbo ya olamula.

Kuguba kwa mabandi nako kunalowa m'magule a anthu a dera lino. Amene anabwera ku nkhondo ya 1914 mpaka 1918 ataona mabandi a asilikali anathandiza kufalitsa beni, mganda ndi malipenga, makamaka m'mbali mwa nyanja ya Niassa. Ovina amaima m'mizere, amavala ngati asilikali, ndipo malipenga awo ndi a zikho.

Ku Moçambique A Portuguesa inasiya kukhala nyimbo ya boma pa 25 Juni 1975. Pamalo pake panalowa Viva, Viva a FRELIMO, imene anapeka Justino Chemane, nayonso yoyenda ndi sitepe ya kuguba. Mu 2002 inalowedwa m'malo ndi Pátria Amada. Ku Portugal nyimbo ya Keil ikuimbidwabe mpaka lero, ndipo timaimva pa wailesi yakanema timu yawo ya mpira isanayambe kusewera.