THOMAS COLE, WOLALIKA NDI ZITHUNZI

Ndidamdziwira m'buku lina la m'laibulale mwathu. Thomas Cole adabadwira ku England m'chaka cha 1801, ndipo mu 1818 adasamukira ku America ndi makolo ake. Kumeneko adatchuka pojambula mapiri a Catskill ndi mtsinje wa Hudson. Kwa iye chilengedwe chinkalankhula za Mlengi.

Mu 1840 adatsiriza zithunzi zinayi zotchedwa The Voyage of Life, zofanizira moyo wa munthu ndi ulendo wa pabwato. Choyamba, khanda likutuluka m'phanga, mngelo akuwongolera bwato. Chachiwiri, mnyamata wagwira yekha chiwongolero, maso ali pa nyumba yachifumu ya m'mitambo, mngelo watsala pagombe. Chachitatu, bambo walowa m'mathithi, chiwongolero chathyoka, wangopinda manja kupemphera. Chotsiriza, nkhalamba yafika panyanja yabata, mngelo akuilozera kuwala kwa kumwamba.

Cole adamwalira ku Catskill mu 1848, ali ndi zaka 47, asadatsirize zithunzi zina za Mtanda.

Chachiwiricho chimandiwopsa, chifukwa mnyamatayo ndi msinkhu wanga. Anzanga aseminale, kodi chiwongolero chathu wagwira ndani?