Moyo wa Mayi Lois Wilson, Mkazi wa Chidakwa

Pa chikondwerero chathu chino tafuna kukumbukira mayi wina wa ku America amene adasenza mtolo womwe ambiri a ife timaudziwa.

Mayi Lois Burnham adabadwa pa 4 Malichi 1891 ku Brooklyn, mu mzinda wa New York. Bambo awo adali dokotala. M'chaka cha 1918 adakwatiwa ndi Bambo Bill Wilson, koma patapita nthawi amuna awowo adasanduka kapolo wa mowa. Ntchito idawathera, kotero mayiwa ndiwo ankagwira ntchito m'sitolo kuti pakhomo papezeke chakudya. Mphatso ya ana sadalandire, ndipo atapempha mwana woti alere adawakaniza chifukwa cha uchidakwa wa bambowo. Kangapo konse bambowo adalemba m'Baibulo la pabanja lonjezo losiya mowa, koma ankabwererako.

Mu Disembala 1934, ali gone m'chipatala, Bambo Wilson adasiya mowa, osaulawanso kufikira imfa yawo. M'chaka cha 1935, pamodzi ndi Dokotala Bob Smith a ku Akron, adayambitsa Alcoholics Anonymous, gulu la zidakwa zothandizana kusiya mowa.

Tikadaganiza kuti apa mtima wa mayiwa udagwa pansi, koma ayi. Zidawapweteka kuona kuti anthu apadera achita zimene iwo adalephera pa zaka 17. Tsiku lina bambo atawafulumiza kuti apite ku msonkhano, mayi adapsa mtima nawagenda ndi nsapato. Atadzifunsa chimene chidawachititsa, adazindikira kuti mowa udawavulazanso iwo ngakhale sadali chidakwa, ndi kuti nawonso ankasowa thandizo.

Mavuto sadathere pomwepo. Mu 1939 nyumba yawo idalandidwa, ndipo kwa zaka ziwiri ankangogona m'makomo mwa anzawo. Komabe mayiwa adayamba kucheza ndi akazi ena amene ankadikira amuna awo pa nthawi ya misonkhano, kuuzana zakukhosi ndi kulimbikitsana. Mu 1951 adayambitsa, pamodzi ndi mnzawo, bungwe la Al-Anon lothandiza mabanja a zidakwa, lomwe lidafalikira m'maiko ambiri. Chiphunzitso chake n'chakuti mkazi sindiye adachititsa uchidakwa wa mwamuna wake, sangaulamulire, ndiponso sangauchize. Koma angathe kusamala moyo wake ndi wa ana ake.

Bambo Wilson adamwalira pa 24 Januwale 1971, tsiku lomwe ukwati wawo udakwana zaka 53. Mayi adatsatira pa 5 Okutobala 1988, ali ndi zaka 97.

Nanga ife? Pakati pathu alipo amayi amene akulira mobisa chifukwa cha kachasu wa bambo kapena chamba cha mwana, ndipo manyazi awatseka pakamwa. Mutu umodzi susenza denga. Tisawanene m'mbali, tiwayendere, timve nkhawa zawo, tisunge chinsinsi, tipemphere nawo. Wodwalayo timperekeze ku chipatala ndi kwa abusa. Ambuye atipatse mtima wotere m'Chigwirizano chathu.