Dotolo Domagk ndi mbewa 26

Gerhard Domagk anabadwa m'caka ca 1895 ku Lagow. Pa nthawi imeneyo mudziwu unali m'dziko la Alemanha. Bambo ake anali mphunzitsi.

Ali mnyamata, Domagk anapita ku nkhondo ya 1914 ndipo anavulala. Atacira, anayamba kuthandiza odwala m'cipatala ca asilikali. Kumeneko anaona zomvetsa cisoni. Bala linkatupa, n'kucita mafinya, munthu n'kumwalira. Mankhwala ake kunalibe.

Nkhondo itatha, iye anamaliza maphunziro a udotolo. Kenaka analowa nchito ku kampani ya Bayer. Anzake ankapanga mankhwala atsopano, iye n'kumawayesa pa mbewa. Sizinali mbewa zakumunda zimene timakumba zija ayi. Zinali zoweta m'nyumba. Anayesa mankhwala ambirimbiri, koma osaphula kanthu.

Kumapeto kwa caka ca 1932 anzakewo anamupatsa mankhwala ofiira. Domagk anatenga mbewa 26. Zonse anazibaya tizilombo toyambitsa matenda. Tizilomboti sitioneka ndi maso, koma ndi tomwe timatupitsa mabala. Mbewa 12 anazipatsa mankhwala aja. Mbewa 14 sanazipatse, kuti aone kusiyana kwake.

Patapita masiku owerengeka, mbewa 14 zija zonse zinafa. Nanga 12 zija? Zinali moyo, zikudya bwinobwino! Mankhwalawo anawacha Prontosil.

M'caka ca 1935 mwana wake wamkazi, wa zaka 6, anadzibaya ndi singano padzanja. Kabala kanali kakang'ono, koma tizilombo tinalowa. Mkono unatupa, thupi linatentha kwambiri. Madotolo anaganiza zodula mkonowo kuti mwana asafe. Taganizani mtima wa bambo ake! Domagk anakumbukira mbewa zake. Anamupatsa mwanayo Prontosil. Mwana anacira, mkono wake osadulidwa.

M'caka ca 1939 Domagk anasankhidwa kuti alandire mphoto yaikulu ya Nobel. Boma la Hitler linamuletsa, ndipo apolisi anamutsekera sabata imodzi. Mendulo yake anakalandira mu 1947, nkhondo yaciwiri itatha. Ndalama za mphotoyo sanalandire, cifukwa nthawi yake inali itapita.

Pambuyo pake anagwira nchito yofunafuna mankhwala a cifuwa cacikulu. Anamwalira m'caka ca 1964, ali ndi zaka 68.