Michael Jackson

Michael Joseph Jackson (29 Ogasiti 1958 – 25 Juni 2009) anali woyimba, wovina komanso wopeka nyimbo wa ku America. Mu Africa muno amakumbukiridwa kwambiri ndi nyimbo ya We Are the World, imene inajambulidwa mu 1985 pofuna kupeza ndalama zothandizira anthu okhudzidwa ndi njala ku Ethiopia.

Ubwana wake

Jackson anabadwira mu mzinda wa Gary, m'chigawo cha Indiana. Anali wachisanu ndi chitatu mwa ana khumi a Joseph ndi Katherine Jackson. Bambo ake ankagwira ntchito pa fakitale ya zitsulo, ndipo ndi amene anasonkhanitsa ana awo aamuna kukhala gulu loyimba la Jackson 5. Michael anali wamng'ono pa onse asanu, koma ndiye ankatsogolera nyimbo zambiri. Gululi linalowa mu kampani ya Motown, ndipo mu 1970 nyimbo yawo ya I Want You Back inafika pa nambala wani ku America.

Kenako anayamba kuyimba payekha. Chimbale chake cha Thriller, chimene anakonza ndi Quincy Jones mu 1982, chinagulidwa kuposa chimbale china chilichonse padziko lonse. Mu 1984 analandira mphoto zisanu ndi zitatu za Grammy usiku umodzi.

Nyimbo yothandiza anjala

Kuyambira 1983 mpaka 1985, chilala pamodzi ndi nkhondo yapachiweniweni zinabweretsa njala yoopsa ku Ethiopia, ndipo anthu miyandamiyanda anafa. Oyimba a ku Britain ndi Ireland, motsogozedwa ndi Bob Geldof, anatulutsa nyimbo yopempha thandizo kumapeto kwa 1984. Ataona zimenezi, Harry Belafonte anaganiza zoti oyimba a ku America achitenso chimodzimodzi.

Jackson ndi Lionel Richie ndi amene anapeka We Are the World. Usiku wa pa 28 Januwale 1985, oyimba oposa 40 anakumana ku A&M Studios mu mzinda wa Los Angeles, ambiri akuchokera ku mwambo wa American Music Awards, ndipo anajambula mpaka kunja kutacha. Ena mwa iwo anali Stevie Wonder, Tina Turner, Diana Ross, Ray Charles, Kenny Rogers, Bob Dylan ndi Bruce Springsteen. Gululi linatchedwa USA for Africa.

Nyimboyi inatuluka pa 7 Malichi 1985 ndipo makope oposa 20 miliyoni anagulidwa. Ntchito yonse inasonkhetsa ndalama zoposa madola 60 miliyoni, zimene zinagulira chakudya ndi mankhwala komanso kuthandiza ntchito za chitukuko m'maiko angapo a mu Africa. Mu 1986 nyimboyi inalandira mphoto zinayi za Grammy.

Poyamba anthu ankaimvera pa malekodi, makaseti ndi pa wailesi. Masiku ano ambiri amaimvera pa foni. Fayilo ya MP3 imataya mbali ina ya mawu kuti ichepe, pomwe fayilo ya FLAC imasunga mawu onse monga alili pa CD, koma imadya malo ambiri mu foni ndi bando yambiri ya intaneti.

Zaka zomaliza

Mu 1992 Jackson anakhazikitsa bungwe lothandiza ana la Heal the World Foundation, ndipo chaka chomwecho anayendera Gabon, Côte d'Ivoire ndi Tanzania. Mu 1997 anayimba ku South Africa.

Mbiri yake inalinso ndi mavuto. Mu 1993 anamunenera mlandu wogwirira mwana, iye anakana, ndipo mu 1994 nkhaniyo inatha mogwirizana kunja kwa bwalo la milandu. Mu 2005 anazengedwa mlandu wina wofanana nawo, koma bwalo linamupeza wosalakwa.

Anamwalira ku Los Angeles ali ndi zaka 50, atapatsidwa mankhwala ogonetsa a propofol opitirira muyeso. Dokotala wake, Conrad Murray, anapezeka wolakwa mu 2011 pa mlandu wopha munthu mosafuna. Jackson anasiya ana atatu. Mu 2010 oyimba ena anajambulanso We Are the World pothandiza anthu a ku Haiti amene anakhudzidwa ndi chivomezi, ndipo anaikamo mawu ake a mu 1985.