Mbiri ya Zwangendaba Jere, Mfumu Yomwe Idasandutsa Abusa a Ng'ombe Kukhala Asilikali

Ambiri a ife a m'mbali mwa nyanja tikamva za asilikali ophunzitsidwa mwapadera timaganiza za aja otsika ndi parachuti ku Senga Bay m'boma la Salima, kapena a ku Moyale Barracks mumzinda wa Mzuzu. Komatu kalekale, boma la atsamunda lisadabwere, m'dziko muno mudalowa gulu la nkhondo lomwe kaphunzitsidwe kake, zida zake ndi kamenyedwe kake zidasintha moyo wa midzi yambirimbiri kuchokera ku Zambezi mpaka ku Tanzania. Mtsogoleri wa gululi adali Zwangendaba Jere, mfumu ya Angoni. Mzinda wa Mzuzu, kuphatikizapo dera la Zolozolo, uli m'boma la Mzimba, momwe zidzukulu zake zikadali pa ufumu mpaka lero. Tiyeni tione kuti munthuyu adali ndani, ndipo mphamvu zake zidagona pati.

Kwawo ndi chiyambi chake

Zwangendaba adabadwa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1700 kumpoto kwa dera lomwe lero likutchedwa KwaZulu-Natal m'dziko la South Africa. Adali wa mfunda wa Jere, ndipo atakula adakhala mmodzi mwa atsogoleri a nkhondo a Zwide, mfumu ya a Ndwandwe. Nthawi imeneyo mafumu a kumeneko ankalimbirana malo odyetsera ng'ombe komanso njira za malonda zopita ku doko la Delagoa Bay, pomwe lero pali mzinda wa Maputo.

Cha m'ma 1819, asilikali a Shaka, mfumu ya Azulu, adagonjetsa a Ndwandwe pa mtsinje wa Mhlatuze. Zwangendaba sadafune kukhala pansi pa Shaka. Adasonkhanitsa anthu ake, amayi ndi ana omwe, nalunjika kumpoto. Gulu lake silidali lalikulu. Chuma chenicheni chomwe adanyamula chidali luso losula msilikali.

Momwe msilikali ankaphunzitsidwira

Kwa Angoni usilikali sunkayamba munthu atamera ndevu. Mnyamata akangogulula mano a ubwana ankachoka m'nyumba ya mayi ake kukagona kumphala ya anyamata, yomwe iwo ankaitcha laweni. Mayi wina wofufuza za chikhalidwe, Margaret Read, yemwe adakhala pakati pa Angoni a ku Nyasaland m'zaka za m'ma 1930, adapeza mwambo umenewu ukadalipo ndipo adaulemba bwino. Kumphalako mwana ankaphunzira kumvera omuposa msinkhu, kugawana chakudya ndi anzake, ndi kupirira osalira. Masana ankapita kubusa. Kumeneko ankathamanga mitunda italiitali, kuzolowera njala, dzuwa ndi minga, kusaka tinyama, ndi kumenyana ndi ndodo: ina yomenyera, ina yotchingira. Masewera a kubusawa ndiwo adali kalasi yoyamba ya mkondo ndi chishango.

Akakula, anyamata a msinkhu umodzi ankaikidwa m'gulu limodzi la nkhondo pansi pa nduna yawo. Magulu amenewa m'chinenero chawo ndi mabutho. Ankadziwana kuyambira kubusa, choncho pa nkhondo aliyense ankadziwa yemwe ali kudzanja lake lamanja ndi lamanzere. Ngakhale magule awo adali maphunziro: amuna mazanamazana kuponda pansi nthawi imodzi, kukweza zishango nthawi imodzi, kutembenuka nthawi imodzi. Ingoma yomwe timaionera pa zikondwerero lero imatikumbutsa za mwambo umenewo. Wolimba mtima ankatamandidwa pagulu ndi kupatsidwa ng'ombe, pomwe wamantha ankanyozeka pamaso pa mudzi wonse.

Zida zawo

Mitundu yambiri ya kuno inkamenya nkhondo ndi uta ndi mivi kapena nthungo zoponya. Adani ankaima motalikirana, kuponyerana, kenako n'kubalalika. Msilikali wa Zwangendaba ankanyamula zinthu zitatu zikuluzikulu. Choyamba chidali mkondo waufupi wa mpeni wotambalala, womwe sunkaponyedwa koma kubayira pafupi. Chachiwiri chidali chishango chachikulu cha chikopa cha ng'ombe chouma, chomangiriridwa pa ndodo, chomwe chinkatchinga gawo lalikulu la thupi kotero kuti mivi yambiri inkathera pomwepo. Chachitatu chidali chibonga. Ena ankaonjezera nthungo zopepuka zoponya poyambira nkhondo. Kumutu ankavala nthenga, m'chiuno zikopa, ndipo maonekedwe okhawo ankagwetsa mphwayi anthu asadayambe n'komwe kulimbana nawo.

Tikaonetsetsa, zida zimenezi sizidali zodabwitsa. Wosula zitsulo aliyense akadatha kuzipanga. Chovuta chidali kupeza anthu omwe angayende phewa ndi phewa kulowa m'mivi osabwerera m'mbuyo mpaka atafika pa mdani. Izi n'zomwe maphunziro aja ankabala.

Kamenyedwe kawo

Nkhondo zambiri ankazimenya m'chilimwe, anthu atakolola, nkhokwe zili zodzadza ndipo mitsinje itaphwa. Asadanyamuke ankatumiza azondi kukaona komwe kuli makola, njira zolowera m'mudzi ndi kothawira. Kenako gulu linkayenda mofulumira, kawirikawiri usiku, n'kufika m'bandakucha anthu ali m'tulo. Pa bwalo la nkhondo ankaima monga mutu wa ng'ombe: gulu lalikulu pakati ngati chifuwa, ndipo magulu awiri a anyamata aliwiro m'mbali ngati nyanga, kuzinga mdani kuti asowe kothawira. Cholinga cha ulendo uliwonse chidali chodziwika: ng'ombe, chakudya ndi anthu.

Ulendo wa kumpoto

Atachoka kwawo, Zwangendaba adakhala zaka zingapo kummwera kwa Mozambique, komwe adatenga anthu ambiri a mtundu wa Athonga a kumeneko. Chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1830 adasemphana ndi Soshangane, mnzake wakale wa kwa Zwide yemwe adakhazikitsa ufumu wa Gaza. Atagonja, adakwera kumtunda kulowa m'dziko lomwe lero ndi Zimbabwe, komwe nkhondo zake zidafooketsa ufumu wa Arozvi.

Mu November 1835 adawoloka mtsinje wa Zambezi pafupi ndi Zumbo, pomwe Luangwa amathira m'Zambezi. Akuluakulu a Chingoni adasunga chikumbumtima chakuti tsiku limenelo kudagwa mdima masana. Akatswiri a zakuthambo atawerengetsa adapeza kuti mwezi umenewo kudachitikadi kadamsana wa dzuwa, ndipo n'chifukwa chake chaka chimenechi chimadziwika motsimikizika.

Kutsidya kuno adakhala zaka zingapo pakati pa Ansenga kuvuma kwa Zambia. Kenako adafika ku Mabiri, m'dera la Mzimba, komwe adakhalanso zaka zingapo akuthira nkhondo midzi ya Atumbuka ndi Achewa. Pomaliza adapitirira kumpoto mpaka kufupi ndi dziko la Afipa, chakummwera kwa nyanja ya Tanganyika, namanga mudzi wotchedwa Mapupo. Kumeneko ndiko adamwalirira cha m'ma 1848, patatha zaka pafupifupi 30 ali pa ulendo.

Chinsinsi chake, ndi omwe adachilipira

Kodi zidatheka bwanji kuti gulu laling'ono lothawa nkhondo likule chotere? Yankho lili pa zomwe Zwangendaba ankachita ndi anthu ogwidwa. Ana ndi amayi ankagawidwa m'mabanja a Angoni. Mnyamata wogwidwa ankalowa kumphala, kupita kubusa, ndi kulowa m'gulu la nkhondo pamodzi ndi ana a eni mudzi. Akaonetsa kulimba mtima ankatha kukwera mpaka kukhala nduna. Chiwere Ndhlovu, yemwe pambuyo pake adakhazikitsa ufumu wake ku Dowa, adali wochokera kwa Ansenga. Ng'onomo Makamo, mkulu wa nkhondo wotchuka wa M'mbelwa, makolo ake adali Athonga a ku Mozambique. Mtundu wa munthu sudali chotchinga kwenikweni; chofunika chidali maphunziro ndi kumvera.

Koma tisaiwale mbali ina ya nkhaniyi. Mnyamata aliyense wogwidwa yemwe adasanduka msilikali adali mwana wa mayi wina yemwe adatsala akulira, kapena adaphedwa. Midzi idatenthedwa, nkhokwe zidakhuthulidwa, ndipo njala idatsatira. M'zaka zotsatira, ana a Zwangendaba atakhazikika kuno, anthu a m'mbali mwa nyanja adasiya minda yawo yachonde n'kumanga malinga a mitengo, ena kuthawira m'zilumba, m'madambo ndi pamwamba pa mapiri. Mabanja ambiri a kunyanja akadali ndi nkhani za agogo awo za masiku othawathawa amenewo.

Zomwe zidachitika iye atapita

Zwangendaba adaphunzitsa asilikali, koma nkhani ya wolowa ufumu idatsala yosamangika. Atangomwalira, abale ndi ana ake adakangana ndipo mtundu udagawikana. Mpezeni adakakhazikika kufupi ndi komwe lero kuli Chipata. M'mbelwa adabwerera kumpoto kwa Malawi m'zaka za m'ma 1850. Ena adatsatira Zulu Gama kupita ku Songea, ndipo ena adalowera chakunyanja ya Victoria. Angoni a kwa Gomani ku Ntcheu ndi a gulu lina, la Maseko, lomwe lidayenda njira yakeyake.

Luso lija nalo lidawatembenukira eni ake. M'zaka za m'ma 1870 Atonga a kunyanja omwe adakulira m'midzi ya Angoni ndi kuphunzira kamenyedwe kawo adathawa kubwerera kwawo. Gulu la nkhondo lomwe lidawalondola lidagonjetsedwa ku Chintheche. Atumbuka a Baza Dokowe atayesa kuukira cha m'ma 1880, mwayi sudawagwere: adazingidwa pa phiri la Hora ndipo ambiri adafera pomwepo.

Kenako kudabwera mfuti zomwe chishango cha chikopa sichikadatha kutchinga. Gomani woyamba adaphedwa ndi atsamunda mu 1896. Mu January 1898 asilikali a Britain okhala ndi mfuti za Maxim ndi mizinga adabalalitsa magulu a Mpezeni m'masiku ochepa, ndipo mwana wake Nsingo, yemwe ankatsogolera nkhondoyo, adawomberedwa. Angoni a ku Mzimba adalowa pansi pa boma la atsamunda mu 1904 pa msonkhano wa ku Ekwendeni, popanda nkhondo. Ambiri mwa asilikali akuda a boma nthawi imeneyo adali Ayao ndi Atonga a kunyanja. Gulu lawo ndilo lidalowa mu King's African Rifles mu 1902, komwe kudachokera asilikali a dziko la Malawi omwe tili nawo lero.

Zoti titolepo

Lero mkondo ndi chishango timaziona pa mwambo wa Umthetho ku Hora mwezi wa August, ndi pa Ncwala ku Mtenguleni m'dziko la Zambia mwezi wa February. Zidzukulu za omenya ndi za omenyedwa zidakwatirana, zimagulitsana usipa ndi mbatata mumsika wa Mzuzu, ndipo ana awo amakhala pa benchi imodzi kusukulu. Sitikukumba mbiriyi kuti tidzutse chidani ayi.

Chomwe makolo tingatolepo ndi ichi: Zwangendaba adazindikira kuti mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri amasanduka chomwe wamulera wafuna. Ana a Ansenga, Achewa ndi Atumbuka adaleredwa kumphala ya Angoni, ndipo atakula ena adanyamula mikondo kukathira nkhondo midzi ya mtundu wawo womwe. Paja akuluakulu adati kuongola mtengo n'poyamba. Funso lomwe kholo lililonse liyenera kudzifunsa ndi lakuti: kodi mwana wanga akugona mphala iti, akuyenda ndi gulu liti, ndipo akumuphunzitsa kumvera ndani?