EDWARD JENNER, SING'ANGA AMENE ANAPEZA KATEMERA WA NTHOMBA

Edward Jenner anabadwa pa 17 May, 1749, m'mudzi wa Berkeley, m'cigawo ca Gloucestershire ku England. Atate wace anali mbusa wa mpingo wa pamudzipo. M'caka ca 1754, mwanayo ali ndi zaka zisanu, amai ndi atate ace anamwalira onse awiri, ndipo iye analeredwa ndi mkuru wace Stephen pamodzi ndi alongo ace.

Masiku amenewo anthu anaopa nthomba kopambana nthenda zina zonse. Ku Ulaya kokha inali kupha anthu ngati 400,000 caka ndi caka, ndipo ambiri a iwo anali ana. Nthendayi inabwera ndi kacirombo kosaoneka ndi maso, kamene kanacoka kwa wodwala kupita kwa wamoyo ndi mpweya wa m'kamwa, kapena ndi zobvala ndi zopfunda zace. Atapita masiku ngati 12, munthu anayamba kutentha thupi, mutu ndi msana ziri kuwawa kolimba. Pambuyo pace zironda zinaturuka m'kamwa, ndi totupa pankhope, m'manja ndi m'miyendo. Totupato tinasanduka matuza odzala mafinya, amene anauma nakhala nkhanambo. Mwa odwala khumi, atatu anafa. Ocira anatsala ndi zipsera pankhope moyo wao wonse, ndipo ena anakhala akhungu. Mankhwala ociritsa panalibe.

Anthu anaona kuti munthu amene anacira nthomba sanadwalenso kaciwiri. Cifukwa cace ku China, ku India, ku Turkey ndi m'maiko ena a mu Africa anali kutenga mafinya kapena nkhanambo za wodwala, naziika m'thupi la munthu wamoyo, kawirikawiri pomtema pakhungu, kuti adwale pang'ono ndi kupulumuka. Mwambo umenewu unafika ku England m'caka ca 1721. Unapulumutsa ambiri, komatu unali ndi zoopsya ziwiri: mmodzi kapena awiri mwa anthu 100 otemedwa anafa, ndipo wotemedwayo anakhoza kupatsira anzace nthomba yeniyeni. Jenner mwini anatemedwa motero ali ndi zaka ngati 8. Asanamteme anamkhetsa mwazi namcepetsera cakudya, ndipo sanaiwale konse masauko a masiku amenewo.

Ali mnyamata anapita kukaphunzira nchito kwa sing'anga Daniel Ludlow pafupi ndi Bristol. M'caka ca 1770 anamuka ku London, nakhala wophunzira wa John Hunter, sing'anga womveka wa pa cipatala ca St George's. Hunter anamphunzitsa kuti asakhute ndi kungoganizira cinthu, koma aciyese, napenyetsetse, nalembe cimene waona. Atatsiriza maphunziro, Jenner anabwerera kwao ku Berkeley, nayamba kuyendera odwala a m'midzi pa kavalo.

Analinso wokonda kuyang'anitsitsa zolengedwa. Anafufuza makhalidwe a mbalame yochedwa cuckoo, imene iikira dzira lace m'cisa ca mbalame zina, napeza kuti mwanapiye wace ndiye amene akankhira kunja mazira ndi ana a mwini cisa. Cifukwa ca nchitoyi analandiridwa m'bungwe la anthu anzeru la Royal Society m'caka ca 1789. Caka ca 1788 anakwatira Catherine Kingscote, ndipo anabala ana atatu.

Dziko la kwao linali la ng'ombe za mkaka. Nthawi zina ng'ombe zinaturuka zironda pamabere, ndipo akazi okama anatenga zirondazo m'manja mwao. Nthendayi, yochedwa nthomba ya ng'ombe, inali yopepuka: munthu anadwala masiku owerengeka, nacira. Alimi anali kunena kuti wodwalapo nthomba ya ng'ombe sagwidwa ndi nthomba yakupha. M'caka ca 1774 mlimi wina wa ku Dorset, Benjamin Jesty, anatemera mkazi wace ndi ana ace awiri mafinya a ng'ombe, koma nkhani yace sinamveke patali. Asing'anga ambiri anayesa mau a alimiwo nthano cabe. Jenner sanawapeputse, anafunsa, nalemba maina a anthu, nalondola nkhani zao zaka zambiri.

Pa 14 May, 1796, anayesa. Mkazi wokama ng'ombe, dzina lace Sarah Nelmes, anali ndi zironda za nthomba ya ng'ombe padzanja. Jenner anatengako mafinya, natema tiwiri pamkono pa James Phipps, mwana wa zaka 8 wa wanchito wace wa m'munda, napaka mafinyawo. Patapita sabata mwanayo anamva kuwawa m'khwapa, pambuyo pace anamva kuzizira nakana cakudya, koma mmawa mwace anadzuka wamoyo. Cotsala cinali cobvuta koposa. Pa 1 July Jenner anamtemera mafinya a nthomba yeniyeni, monga anali kucitira asing'anga a masikuwo. Akadalakwa, mwanayo akadadwala, ndipo mlandu ukadakhala pa iye. Masiku anapita, ndipo James sanadwale. Anamyesanso pambuyo pace, koma nthomba sinamgwire.

Jenner analemba zimene anaona nazitumiza ku Royal Society m'caka ca 1797, koma akuru a kumeneko sanazisindikize, pakuti umboni unali wocepa. Iye sanataye mtima. Nthomba ya ng'ombe itaonekanso m'caka ca 1798, anatemera ana ena, naonetsa kuti mankhwalawo akhoza kucoka pamkono pa mwana mmodzi kupita pamkono pa wina osatha mphamvu. Caka comweco anasindikiza kabuku ndi ndalama zace, momwe anafotokoza nkhani za anthu 23.

Otsutsa anauka ambiri. Ena anali asing'anga amene anali kupeza cuma ndi kutemera kwa kale. Ena anati nkosayenera kuika za nyama m'thupi la munthu, ndipo m'caka ca 1802 munaturuka cithunzi conyoza, coonetsa anthu otemeredwa alikumera mitu ya ng'ombe m'thupi. Enanso anatemera mosasamala, nasanganiza mankhwalawo ndi nthomba yeniyeni, ndipo anthu atadwala, dzina la Jenner ndilo linaipa. Iye anayankha ndi makalata, natumiza mankhwala ouma ndi malangizo kwa ali yense wopempha. Sanabise nzeru yace kuti alemere nayo. M'munda mwace munali kanyumba kofolera ndi udzu, ndipo m'menemo anatemera amphawi kwaulere.

Nchito ya makalata inamdyera nthawi, ndipo cuma cace cinacepa. Pozindikira ici, Nyumba ya Malamulo ya ku London inampatsa £10,000 m'caka ca 1802, ndi £20,000 m'caka ca 1807. Pamenepo katemera anali atafika kutali. M'caka ca 1803 mfumu ya Spain inatumiza ngalawa ku America ndi sing'anga Francisco Balmis. Popeza panalibe njira yosungira mankhwala pa ulendo wautali wa panyanja, anatenga ana amasiye 22, nawatemera awiriawiri motsatana, kuti pofika tsidya lija pakhale mkono wina uli nao mankhwala amoyo. Ngakhale Napoleon wa ku France, amene anali pa nkhondo ndi Angelezi, analamula kuti asilikali ace atemeredwe, namasula Angelezi ena ogwidwa pamene Jenner anawapempherera.

Pa cinthu cimodzi Jenner analakwa. Anakhulupirira kuti kutemera kamodzi kucinjiriza munthu moyo wace wonse. Pambuyo pace kunaoneka kuti mphamvu yace icepa zaka zikapita, ndi kuti munthu ayenera kutemeredwanso.

Panyumba pace panagwa maliro. Mwana wace woyamba, Edward, anamwalira ndi cifuwa cacikuru m'caka ca 1810, ndipo mkazi wace anamwalira ndi nthenda yomweyo m'caka ca 1815. Anakhala zaka zace zotsiriza ku Berkeley, alikuyang'ana mbalame monga kale. James Phipps sanamuiwale. Atakula nakhala ndi banja, Jenner anampatsa nyumba yokhalamo osalipira. Jenner anamwalira pa 26 January, 1823, ali ndi zaka 73, naikidwa m'chalichi ca mudzi umene anabadwiramo.

Nchito yace inapitirira iye atafa. M'caka ca 1840 boma la England linaletsa kutemera ndi mafinya a nthomba yeniyeni. M'caka ca 1881 Louis Pasteur wa ku France anapempha kuti, polemekeza Jenner, mankhwala onse ocinjiriza otere achedwe vaccine, mau ocokera ku vacca, ndiko kunena ng'ombe m'Cilatini. M'caka ca 1967 bungwe la za umoyo la maiko onse, World Health Organization, linalimbikitsa nchito yofunafuna odwala ndi kutemera onse okhala nao pafupi. Munthu wotsiriza kutenga nthomba mwa kupatsirana kwa pamudzi anadwala ku Merca, m'dziko la Somalia, mu October 1977, nacira. Pa 8 May, 1980, kunalengezedwa kuti nthomba yatha pa dziko lonse lapansi. Nthenda ya matuza imene igwirabe ana, imene ena aicha katsabola ndi ena nthomba, ndi nthenda yina, yopepuka kwa ana ambiri.

Akuru ambiri a m'midzi ya kuno ali naco cipsera ca katemera wa nthomba pamkono, koma adzukulu ao safunikanso katemera ameneyo. Cikuku, kafumbata, poliyo, cifuwa cokoka mtima ndi cifuwa cacikuru zikali pakati pa anthu, ndipo pa zonsezi alipo katemera wa ana ku cipatala. Katemera agwira nchito munthu asanadwale, ndipo ena afunika kubwereza. Cifukwa cace makolo asadikire kuti nthenda ilowe m'mudzi. Apite ndi mwana pa tsiku lolembedwa pa khadi lace, nabwererenso kufikira atatsiriza onse.